Mmene Sukulu ya Pulayimale Ingatetezere Nthawi ya Ana Yosewera Panja

M'sukulu zambiri za pulayimale m'boma la Zomba, kaya ndi za mumzinda kapena za kumidzi yoyandikana ndi nyanja ya Chilwa, nthawi ya buleki imaoneka bwinobwino pa ndandanda wa maphunziro umene umapachikidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, koma mwana akamafika pabwalo amapeza kuti gawo lalikulu la nthawiyo latha kale. Imathera pamzere wa phala, pamzere wa kuchimbudzi, pokopera notsi zotsalira pabolodi, ndiponso pa zilango zosesa ndi kutchetcha. Malangizo otsatirawa ndi a aphunzitsi aakulu, aphunzitsi, makomiti oyendetsa sukulu, a PTA ndi magulu a amayi, ndipo akutsindika kwambiri za nthawi chifukwa mipira ndi magolo sizivuta kupeza, pamene mphindi 20 zosasokonezedwa tsiku lililonse zimafuna kuti akuluakulu onse apasukulu amange chimodzi ndi kusunga zimene agwirizana.

Zoyenera kuwafotokozera makolo

Musanasinthe kalikonse, konzekerani kuyankha funso limene makolo adzafunse pamsonkhano, lakuti mwana amene anamutumiza kudzaphunzira akutayiranji nthawi ndi fulaye pamene mayeso a MANEB akumudikira. Mungayambe ndi za thupi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, linanena kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zinthu zowatulutsa thukuta kwa mphindi zosachepera 60 patsiku, ndiponso kuti masiku osachepera 3 pa sabata azichita zolimbitsa minofu ndi mafupa, monga kudumpha ndi kuthamanga mwamphamvu. Ena adzanena kuti mwana wakumudzi amene amayenda mtunda wautali popita kusukulu, amatunga madzi ndiponso amathandiza kumunda wakwanitsa kale zimenezi, ndipo sakunama kwenikweni. Komabe kusenza ndowa sikuphunzitsa mwana kudikira kuti nthawi yake ikwane, kuvomera kuti mpira wamukhudza pamene palibe amene waona, kapena kukangana ndi mnzake n'kugwirizananso belu lisanalire.

Kenako fotokozani za m'kalasi. Kuyambira mu 1994, pamene boma linachotsa fizi ku pulayimale ndipo ana opitirira 1 miliyoni anawonjezereka m'sukulu m'chaka chimodzi chokha, kalasi ya Sitandade 1 kapena 2 yokhala ndi ana 100 yasiya kudabwitsa anthu, ngakhale kuti Unduna wa Zamaphunziro umafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Mwana wa zaka 6 amene wakhala pansi mopanikizana ndi anzake, m'chipinda cha malata m'mwezi wa Okutobala, sangamvetsere kwa maola awiri otsatizana, ndipo phokoso limene mphunzitsi amalimbana nalo cha m'ma 10 koloko nthawi zambiri si mwano koma kutopa ndi kukhala pamodzimodzi. Ku Finland, kumene makalasi ndi aang'ono kwambiri poyerekeza ndi athu, mwambo wa sukulu zambiri ndi wakuti ana azituluka panja kwa mphindi 15 akaphunzira kwa mphindi 45. Palinso nkhani ya maso, imene ikuyenera kuyamba kudetsa nkhawa makolo a m'tauni amene ana awo akaweruka amangokhala pa foni ndi pa TV. Kafukufuku amene anachitika m'sukulu za mumzinda wa Guangzhou ku China, amene zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2015, anapeza kuti patatha zaka 3, mwa ana amene anawonjezeredwa mphindi 40 zokhala panja tsiku lililonse la sukulu, pafupifupi 30 pa 100 alionse ndi amene anayamba vuto losaona bwino zinthu zakutali, pamene mwa anzawo amene sanawonjezeredwe nthawi anali pafupifupi 40 pa 100 alionse.

Ngati wina akuumirirabe kuti kusewera ndi chisomo chimene sukulu ingapereke kapena kumana, mukumbutseni kuti Gawo 31 la pangano la United Nations la ufulu wa ana, limene dziko la Malawi linalowamo mu 1991, limati mwana ali ndi ufulu wopuma ndi kusewera, ndiponso kuti silabasi imene anakonza a Malawi Institute of Education konkuno ku Domasi inaika masewera olimbitsa thupi m'phunziro la Expressive Arts.

Yambani ndi kuwerenga mphindi

Ntchito yoyamba ndi yodziwa chenicheni chimene chikuchitika. Kwa sabata imodzi, mphunzitsi amene ali pa dyute alembe nthawi imene belu lalira, nthawi imene kalasi yomaliza yatuluka, nthawi imene mzere wa phala watha, ndi nthawi imene belu lolowera lalira. Alembenso makalasi amene sanatuluke n'komwe ndi chifukwa chake. Pepala limeneli liwerengedwe pamsonkhano wa aphunzitsi popanda kutchula maina, pakuti cholinga si kuchititsa munthu manyazi.

Mukaona kumene mphindi zikuthawira, lekanitsani phala ndi kusewera. Kumene amayi ophika angathe kulawirira, ana alandire phala maphunziro asanayambe, zimenenso zimathandiza mwana amene wachoka kunyumba osadya kanthu. Kumene sizingatheke, makalasi azipita kukhitchini motsatizana, kalasi imodzi pa nthawi, kuti belu la buleki likamalira makapu akhale atatsukidwa kale. Sukulu yokhala ndi ana ochuluka kwambiri ilingalire zogawa buleki pawiri, Sitandade 1 mpaka 4 poyamba ndipo Sitandade 5 mpaka 8 pambuyo pake, zimene zimachepetsa mzere wa kuchimbudzi ndi kumjigo ndiponso zimapatsa ang'onoang'ono bwalo lonse. Vuto lake ndi phokoso, makamaka kwa makalasi ophunzirira pansi pa mtengo, choncho osewera azikhala kumbali ya bwalo yotalikirana ndi amene akuphunzira.

Mfundo imene imavuta kwambiri kugwirizana ndi ya zilango. Sukulu ilembe momveka bwino m'malamulo ake kuti mwana salangidwa pomumana buleki, ndipo kusesa, kutchetcha ndi kukumba dzenje la zinyalala kukhale ndi nthawi yakeyake, osati pamene anzake akusewera. Mwana amene amalangidwa kawirikawiri chifukwa chosakhazikika m'kalasi ndi yemweyo amene akufunika kwambiri kuthamanga, ndipo mukamusunga m'kati ndiye kuti phunziro lotsatira mwaliwononga nokha. Chimodzimodzinso piriyodi ya Expressive Arts isasandutsidwe mwakachetechete kukhala ya masamu owonjezera.

Sitandade 8 ndiyo imafuna kulimba mtima. Mayeso akamayandikira, aphunzitsi ndi makolo omwe amafuna kuti ana azifika m'mamawa, aziweruka madzulo ndiponso asamaonekere pabwalo, ngati kuti mwana wa zaka 13 kapena 14 angasanduke wamkulu kwa miyezi ingapo chifukwa choti dzina lake lalembedwa ku MANEB. Ngati simungawapatse nthawi yochuluka, tengerani nzeru ya Daily Mile, imene inayambira pasukulu ina ya pulayimale ku Stirling m'dziko la Scotland mu 2012: kalasi yonse imatuluka ndi mphunzitsi wake kwa mphindi 15, aliyense amathamanga kapena kuyenda mozungulira bwalo monga mwa mphamvu zake, osasintha zovala, osapikisana, kenako n'kubwerera m'kalasi. Zimenezi sizilowa m'malo mwa buleki, koma sizifuna ngakhale tambala.

Gawani bwalo

Imani pakhonde tsiku lililonse la sukulu n'kuyang'ana amene ali pakati pa bwalo. Kawirikawiri mudzapeza anyamata akuluakulu a Sitandade 6 mpaka 8 akumenya mpira pamalo onse athyathyathya, atsikana atapanikizika kuseri kwa makalasi kapena pafupi ndi zimbudzi, ndipo ana a Sitandade 1 akuthawa mpira m'mbalimbali. Palibe amene analamula zimenezi, koma sizingasinthe zokha.

Tengani phulusa la kukhitchini ya phala, kapena laimu ngati alipo, n'kulemba malire. Bwalo la mpira wamiyendo lidulidwe pakati kapena panayi pa nthawi ya buleki kuti magulu angapo aang'onoang'ono azisewera nthawi imodzi, chifukwa m'timu ya anthu 5 kapena 6 mwana aliyense amakhudza mpira, pamene m'chigulu cha anthu 40 ambiri amangothamangira fumbi. Ikani kasinthasintha wa masiku, wolembedwa ndi kupachikidwa poonekera, wosonyeza makalasi amene ali ndi gawo lililonse, ndipo atsikana ofuna mpira wamiyendo akhale ndi masiku awo pabwalo lalikulu popanda kupempha kwa anyamata. Bwalo la mpira wamanja lovomerezeka limakhala mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndipo mkombero wa golo umakhala mamita 3.05 kuchokera pansi, koma kwa ana aang'ono tsitsani mkombero ndi kuchepetsa bwalo, pakuti mwana amene sanagoletsepo amatopa nawo msanga masewerawo.

Malo otsalawo asiyireni masewera amene ana akuwadziwa kale. Fulaye amafuna kanjira kotalika masitepe ochepa chabe, mpira wofewa, botolo ndi mulu wa mchenga. Awiri amaima kumapeto uku ndi uku n'kumagenda, ndipo wapakati amazinda mpira, kudumpha, kuwerama, kenako mpira ukapita patali amagwada msangamsanga n'kumakokera mchenga m'botolo ndi manja onse awiri, diso lili kwa wogenda, mpaka botolo litadzaza kapena mpira utamukhudza. M'mphindi zochepa mwanayo wathamanga, wawerengera mtunda ndi nthawi, wasankha pakati pa kuthawa ndi kupitiriza kudzaza, ndipo anzake akhala akuwerenga mofuula. Jingo, chipako, raundasi ndi nguli nazonso zimafuna malo ochepa. Pansi pa mtengo pakhale malo a phada ndi bawo, chifukwa si mwana aliyense amene amafuna kuthamanga tsiku lililonse, ndipo mwana amene akuponya mwala m'mwamba, kutulutsa timiyala m'kadzenje, kuwakha mwalawo usanagwe n'kubwezamo timiyala tonse kupatula kamodzi, akuchita masamu ochotsera osadziwa.

Zipangizo

Mpira wogula umodzi umene umatsekeredwa mu ofesi kudikira tsiku la mpikisano wa zoni suthandiza mwana aliyense pa buleki. Mipira yachikulunga 10 imathandiza ana ambirimbiri. Ana akuluakulu amadziwa kale kapangidwe kake: amaunjika majumbo akale ndi nsanza n'kuzikanikiza kuti zikhale chibulunga cholimba, amachikutira ndi jumbo lolimba n'kulimanga pakamwa, kenako amaluka chingwe kapena timalamba ta chubu mopingasapingasa ngati ukonde, akumakoka mfundo iliyonse kuti mpira usaphwasuke ukamenyedwa. Wa fulaye ukhale waung'ono ndi wofewa, wopanda mwala kapena chipatso cholimba m'kati. Letsani chizolowezi chowamba pulasitiki pamoto kuti mpira ulimbe, chifukwa utsi wake ndi woipa ndipo pulasitiki wosungunuka amawotcha zala. Zingwe za jingo zingalukidwe ndi khonje kapena nsanza za zitenje, ndipo imeneyi ndi ntchito yoyenera piriyodi ya Expressive Arts. Magolo a nsungwi kapena bulugamu azikumbiridwa mozama, mtanda wapamwamba ukhomeredwe bwino, popeza ana amalendewerapo ngakhale muwaletse chotani. Mateyala akale okwiriridwa theka ndi abwino podumpha, bola abooledwe kuti asasunge madzi oswanirana udzudzu.

Kalasi iliyonse ikhale ndi thumba lake la zipangizo ndi ana awiri olisunga, osinthana mwezi ndi mwezi. Ngati komiti yavomereza kugwiritsa ntchito gawo la ndalama za SIG, zimene boma limapereka zotukulira sukulu, pampu, singano yopopera, wezulo, sopo ndi mabandeji zikhale patsogolo pa yunifolomu ya timu.

Malo ndi nyengo ya kuno

Teremu isanayambe, komiti iyende bwalo lonse phazi ndi phazi, ikukumbukira kuti ana ambiri amasewera opanda nsapato. Mabotolo osweka, misomali, zidutswa za malata, zitsa ndi minga zichotsedwe. Choopsa kwambiri ndi zimbudzi zakale zimene zinangokwiriridwa pamwamba ndiponso maenje amene anakumbidwa poumba njerwa, chifukwa nthawi ya dzinja amadzaza madzi kapena kugumukira; akwirireni ndithu, ndipo pamene simunathe kutero, atchingeni ndi mpanda. Sukulu za m'mphepete mwa msewu wa M3, monga cha ku Thondwe, Songani ndi Domasi, ziike magolo moti mpira wophonya usamalowere kumsewu, ndipo lamulo likhale lakuti mpira ukadutsa malire akautenge ndi mphunzitsi kapena mwana wamkulu wosankhidwa.

Sukulu za m'munsi mwa phiri la Zomba zimalimbana ndi madzi othamanga amene amang'amba bwalo n'kusiya miyala pamtunda. Kumbani ngalande kumtunda kwa bwalo yopatutsa madzi, dzalani vetiva m'mizere yopingasa chitunda, ndipo kapinga adzalidwe mvula ikangoyamba, gawo limodzi pa nthawi, kuti ana asasowe posewera. Amene anaona mmene namondwe wa Freddy anachitira mu Malichi 2023 safunika kuuzidwa kuti ngalande imakumbidwa mvula isanagwe. Kuchigwa cha Chilwa ndi ku Chingale vuto lalikulu ndi dzuwa la Okutobala ndi Novembala, choncho m'miyezi imeneyi masewera othamanga azichitika m'mawa, madzi akumwa azikhala pafupi, ndipo m'nyengo yodzala mitengo dzalani ya mthunzi monga nimu, keshya ndi mango m'mbali mwa bwalo, kalasi iliyonse ndi mitengo yake yoisamalira. Kuzizira ndi kamvula ka chiperoni ka Juni ndi Julaye si chifukwa chosungira ana m'kalasi, popeza mwana wothamanga amafunda msanga kuposa wokhala pansi pa simenti.

Mphezi ndiyo yosayenera kuchita nayo mwayi. Bingu likangomveka, masewera aime pomwepo, ana alowe m'makalasi a njerwa, osati pansi pa mtengo kapena pakhonde, ndipo asatuluke mpaka patadutsa mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza. Kumene bwalo layandikana ndi dambo, minda ya mpunga kapena mitsinje monga Likangala ndi Domasi, ana asalowe m'madzi osayenda kukatenga mpira kapena kusamba akatha kusewera, chifukwa tizilombo toyambitsa likodzo timachokera m'nkhono za m'madzi otere n'kulowa pakhungu.

Ana amene amatsalira m'mbali

Bwalo likadzaza ndi phokoso n'kosavuta kuganiza kuti aliyense akusewera. Mwana wachialubino asauzidwe kuti akhale m'kalasi yekha chifukwa choopa dzuwa. Avale chipewa chachikulu ndi zovala za manja aatali, adzole mafuta oteteza khungu amene amapezeka kuchipatala, ndipo masewera ena asamutsidwire pamthunzi kuti anzake amutsatire kumeneko. Popeza ana amenewa nthawi zambiri saona bwino, mpira wa mtundu wowala umawathandiza. Mwana woyendera ndodo kapena njinga angathe kugenda pa fulaye, kukhala pagolo laling'ono, kapena kuzungulitsa chingwe cha jingo, ndipo ndi bwino kumufunsa iye mwini zimene akufuna m'malo momupatsa ntchito yosunga zikwama za anzake. Wodwala khunyu kapena mphumu asewere monga wina aliyense, bola aphunzitsi akambirane ndi makolo ake zoyenera kuchita matenda akamugwira, ndipo ana auzidwe momveka kuti khunyu sapatsirana.

Atsikana otha msinkhu nthawi zambiri amasiya kusewera mwakachetechete, chifukwa cha manyazi, zonenanena za anyamata, kapena kusowa malo osinthira pa nthawi ya kumwezi. Apa gulu la amayi ndilo lingathandize kuposa wina aliyense, poonetsetsa kuti chipinda chosinthira chili ndi chitseko, madzi ndi sopo, ndiponso polankhula ndi makolo amene amaona ngati mtsikana wamkulu sayenera kudumphadumpha. Ndipo m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, mwana amene wangokhala phee pamthunzi mwina ndi njala, choncho asakakamizidwe kuthamanga asanafunsidwe ngati wadya.

Ntchito ya mphunzitsi pabwalo

Aphunzitsi osachepera awiri azikhala pabwalo pa buleki iliyonse, mmodzi kumene kuli ana aang'ono, ndipo aziyendayenda mpaka kuseri kwa zimbudzi kumene kuzunzana kumabisala. Ntchito yawo ndi kuona, osati kulamulira masewera. Ana akakangana za mpira umene wakhudza kapena sunakhudze, dikirani pang'ono muone ngati angathetse okha, pakuti nthawi zambiri amatero. Lowererani pakakhala kumenyana, kunyoza kapena kusala mwana yemweyemweyo tsiku ndi tsiku. Aphunzitsi a dyute nawonso ndi anthu, choncho mphunzitsi wamkulu awapezere mphindi zopuma pa nthawi ina, apo ayi dongosololi lidzatha lokha sabata yachitatu isanakwane.

Zilonda za m'mawondo sizingapeweke ndipo si chifukwa choletsera masewera. Tsukani bala ndi madzi oyera ndi sopo, limangeni ndi bandeji yoyera, ndipo musalole kuti athirepo dothi, phulusa kapena masamba. Bala lakuya, makamaka la msomali kapena lata, lipite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha kafumbata. Mwana amene wagunda mutu n'kukomoka, kusanza kapena kuyamba kusokonezeka, komanso amene sangathe kuponda kapena kugwedeza mkono, atengeredwe kuchipatala mwamsanga ndipo makolo adziwitsidwe. Pakhomo la kalasi iliyonse pakhale mpondagiya kapena ndowa ya mpopi ndi sopo kuti ana azisamba m'manja pochokera pabwalo, chizolowezi chimene mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatikumbutsa mowawa.

Teremu ikamatha, bwerezani kuwerenga kuja kwa sabata imodzi, ndipo ulendo uno onjezerani chiwerengero cha atsikana ndi ana a Sitandade 1 ndi 2 amene ali pakati pa bwalo. Mapepala awiriwo, loyamba ndi lachiwiri, aperekedwe kwa komiti ndi kwa a PEA, amene ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni, ku ofesi yawo ya TDC, ndipo nthawi ya buleki, kasinthasintha wa bwalo ndi lamulo la zilango zilembedwe m'pulani ya chitukuko cha sukulu ya chaka chotsatira, kuti mphunzitsi wamkulu akasamutsidwa wolowa m'malo mwake adzazipeze zili m'buku.